Pamene Tepi Inathera

"Ndati sindisoka."

Amayi ananena mawuwo osachotsa phazi pamakina. Jekete ya ababa inali pa tebulo pomwe anaikankhira, bowo lolowa chala chachikulu likuonekera pamsana.

"Mayi, ndabwera kwa inu ngati telala, osati ngati loya wa mwanayu. Sokani jeketeyo."

"Telala amafunsa chimene chang'amba nsalu. Msomali? Khoswe? Kapena mwayamba kusuta mobisa?"

"Mwana wanu! Waponya nthungo pabwalo pali anthu. Bwenzi pano tikukamba za maliro. Ine mphunzitsi wa zamasewera, mwana wanga yemwe n'kundichititsa manyazi pamaso pa sukulu yonse!"

Mng'ono wanga anali ataima pakhomo, manja kumbuyo. Timamutchula kuti Kawaya chifukwa ndi woonda ndi wamtali, ndipo sapindika msanga. Ine ndinali pamphasa ndikusokerera mabatani, ntchito yomwe amayi anandipatsa kuti ndisamangoyang'ana kumsewu podikira zotsatira za mayeso anga omaliza.

Pasukulu yathu anyamata amaponya nthungo Lachiwiri ndi Lachinayi masana. Nthungozo zilipo ziwiri zokha, ndiye pamafunika wokazitola, ndipo otola ndi atsikana. Amaima kutsidya kwa bwalo. Mnyamata akaponya, mtsikana amazula nthungoyo, n'kuyenda nayo mpaka pamzere woponyera, n'kuipereka ndi manja awiri, n'kubwerera. Ine ndinatola zaka zinayi. Palibe tsiku lomwe ndinaiponyapo.

"Lankhula iwe," anatero amayi. "Chinakugwira n'chiyani?"

"Ndinatopa," anayankha Kawaya. "Ndinali nditayenda maulendo khumi ndi anayi. Ndiye Chimphona anakuwa kuti, 'Thamanga, iwe ndodo ya mbendera!' Ndinangoti ndimutumizire."

Chimphona ndi mnyamata wa kalasi yomaliza, amene ababa amamudalira pa nthungo.

Makina anaima. "Unaima pati?"

"Pomwe inagwera nthungo yake."

"Nanga jekete inali pati?"

"Pampando wa ababa, kuseri kwa mzere, pansi pa mtengo uja."

"Ndiye kuti inadutsa mzere, n'kudutsa anyamata, n'kukafika pamtengo?"

"Sinadutse pamwamba pa munthu, amayi. Ndinayang'ana kaye. Ndinalunjika pampando chifukwa panalibe wokhalapo."

"Mwamva?" anakuwa ababa. "Anachita kulunjika!"

"Ine ndamva," anatero amayi. "Kaya inu, aphunzitsi, mwamva?"

Ine singano inandibaya chala koma sindinamve ululu. Ndikudziwa bwalo lija ngati chikhatho changa. Ndinatseka maso n'kuyamba kuyenda mumtima kuchokera pomwe zimagwera nthungo za Chimphona mpaka pamtengo, ndipo ulendowo sunathe msanga.

"Masabata awiri akukolopa makalasi," anatero ababa. "Ahedi agamula, ine ndavomereza. Pabwalo asapondenso. Ndipo jeketeyi ndikuifuna tsiku la mpikisano wa masukulu."

"Mudzaipeza," anatero amayi. "Ndi bowo lake."

Sabata yonseyo Kawaya ankabwera kunyumba manja atatumbuluka ndi madzi. Sankadandaula, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkandipsetsa mtima. Ine sindidziwa kudikira. Ndikaona basi ikudutsa, mtima wanga umakwera n'kupita nayo, thupi n'kutsala ndi mabatani. Loweruka ndinatenga chikwanje, ndinadula nsungwi yowongoka, ndinaisongola, n'kumukokera mng'ono wanga kumunda wogonera kuseri kwa nyumba.

"Ponya ndione."

"Achemwali, mukufuna andiwonjezere makalasi?"

"Muno mulibe jekete. Ponya."

Anaiyeza nsungwiyo pachikhatho mpaka anapeza pomwe imakhazikika. Anabwerera m'mbuyo. Anayamba ngati akuyenda, kenako ngati akuthamangira mvula kuti akaanule zovala, kenako miyendo inapingasana, dzanja linatsalira kumbuyo ngati laiwalika. Phazi lakumanzere linaponda, thupi lonse linapinda ngati uta, ndipo nsungwi inachoka.

Sindinaonepo chinthu chikuchoka m'dzanja la munthu mwa mtundu umenewo. Sinagwedezeke. Inakwera ngati ikudziwa kumene ikupita, inakagona pamwamba kwa kanthawi, dzuwa likuiwalitsa mbali imodzi, mpaka ndinaganiza kuti yasintha maganizo, sitsikanso. Njiwa ziwiri zinadzuka mumtengo. Kenako inaweramitsa mutu n'kukazika kutsidya kwa chulu, n'kumanjenjemera.

Ndinapezeka ndakhala pansi.

"Iwe, unaphunzira kuti?"

"Komwe munaphunzira inu."

"Ine? Ine sindinaphunzire kanthu."

"Zaka ziwiri ndakhala ndikuziona zikubwera, achemwali. Ababa amaima kumbuyo, amangoona misana. Ife kutsidya kuja timaona zonse. Chimphona amaponya ndi phewa lokha, sadikira mwendo. Uja wamfupi uja amayang'ana pansi. Ikangochoka m'dzanja ndimadziwa pomwe igwere. Inu simunkadziwa?"

Ndinkadziwa. Zaka zinayi ndinkasuntha nthungo isanafike, osaphonya ndi kamodzi komwe, ndipo sindinaganizepo kuti kumeneko ndi kudziwa kanthu. Ndinayang'ana dzanja langa lamanja ngati la mlendo.

Lolemba madzulo ababa anasiya chikwama chawo pa tebulo n'kupita kukasamba. Fomu ya mpikisano inali itatulukira pakona. Ndinaisolola. Inali ya masamba awiri. Loyamba linali la anyamata, mayina makumi awiri olembedwa bwino. Lachiwiri linali la atsikana, loyera mbee. Pansi pake panali mafomu a zaka zam'mbuyo, ndipo pa lililonse tsamba la atsikana linali ndi mzere umodzi wowongoka kuchokera pakona kukafika pakona, wojambula ndi rula. Ndinawerenga masamba asanu ndi anayi. Anayi mwa iwo anali a zaka zanga.

Sindinaganize. Ndinatenga cholembera, ndipo pamzere woyamba wa tsamba loyeralo ndinalemba dzina lenileni la Kawaya, zilembo zikuluzikulu, n'kubwezera fomuyo.

M'mawa mwake tiyi asanazizire, ababa anaimenyetsa pa tebulo.

"Ndani walowa m'chikwama changa?"

"Ndine, ababa."

"Wamkuluwe? Amene ndimati uli ndi nzeru? Iyi ndi kalata ya ofesi, si buku lako la nyimbo zachikondi!"

"Tsambalo ndi la atsikana. Ndalembapo mtsikana."

"Bwera kuno. Werenga apa. Pakuti chiyani?"

"Mtunda umene waponya."

"Eya. Ndiye tilembapo chiyani? 'Mpaka pajekete'?"

Kawaya anaseka mumkapu, tiyi n'kumutulukira m'mphuno. Ababa sanaseke.

"Munthu wosayezedwa salembedwa. Lamulo si langa."

"Ndiye muyezeni," anatero amayi akudula buledi.

"Atsikana sitiwayeza."

"Chifukwa?"

"Chifukwa saponya."

"Saponya chifukwa chiyani?"

"Chifukwa palibe amene ana..." Ababa anaima pamenepo, n'kumwa tiyi wotentha mofulumira kwambiri.

"Malizani, aphunzitsi."

"Mayi, musandipanikize ngati mwana wa sukulu. Lole yomwe timabwereka imanyamula ana makumi awiri, ndipo malo adzaza. Ahedi amafuna makalasi aukhondo alendo akamabwera. Ndipo anthu adzati chiyani? Zaka zisanu ndi zinayi osatenga mtsikana, lero n'kutenga mmodzi, mwana wangawanga? Adzati ndi zokondera. Komanso taganizirani za mwanayu. Nthungo imakulitsa mapewa. Adzakhala ngati wonyamula matumba. Ndani adzamufune?"

"Mapewa ndimayeza ndine, tsiku ndi tsiku," anatero amayi. "Akazi a mudzi uno mapewa awo anakula ndi ndowa za madzi, ndipo onse ali pabanja. Anga awa simunawaone pondifunsira?"

"Ababa," ndinatero, "mukanamuona Loweruka! Nsungwi inakwera ngati..."

"Loweruka? Ndiye mwatsegula sukulu yanu kuseri kwa nyumba yanga?"

Anatambasula dzanja n'kutenga rula yomwe inali pamakina. Anaigoneka patsamba la atsikana, kuchokera pakona kukafika pakona, pamwamba pa dzina la mwana wawo. Kawaya anasiya kumwa. Amayi anadzuka mosapupuluma, n'kuigwira rulayo mbali inayo.

"Rula iyi ndi yanga. Ndimajambulira madiresi."

Anayang'anizana. Ndinamva nkhuku ikuitana anapiye panja. Ababa ndiwo anayamba kusiya. Anapinda fomu, anailowetsa m'chikwama, n'kuima pakhomo.

"Lachinayi ndikuyeza anyamata komaliza. Lachisanu fomu ikupita. Kusukulu marula aliko ambiri."

Lachinayi masana amayi anachita chinthu chomwe sindinawaonepo akuchita dzuwa likadali pamutu: anavundikira makina. Anakoleka jekete ija pamkono.

"Tiye," anandiuza.

"Amayi, tepi mwaiwala kuvula."

Anagwira pakhosi pomwe tepi yawo yachikasu imakhala kuyambira m'mawa mpaka madzulo. "Isiye. Ndikaivula ndimamva ngati ndili maliseche."

Pabwalo udzu unali utatchetchedwa. Ahedi anali pampando pansi pa mtengo uja, akudzipepesa mphepo ndi kaundula. Ababa anali pamzere, wezulo pakamwa, atagwira mutu wa tepi ya sukulu. Atsikana asanu ndi awiri anali kutsidya: ena kutola nthungo, ena kukoka tepi n'kumakuwa manambala. Tepi imeneyo ndi ya mamita makumi atatu, ndipo ababa amakonda kunena kuti palibe mwana wa pasukulupo amene anaimalizapo.

"Makumi awiri ndi asanu ndi awiri!" anakuwa mtsikana wina. Anyamata anamunyamula Chimphona m'mwamba.

Ine ndinathamangira kumakalasi. Ndinamupeza Kawaya atagwada, chiguduli m'manja.

"Dzuka, tiye."

"Kalasi imodzi yatsala."

"Siithawa. Dzuka!"

Titafika, amayi anali atagwada mwaulemu pamaso pa ahedi, jekete itatambasulidwa pamaondo.

"Pepani ahedi, ndabwera ndi mlandu. Amuna anga akuti mwana uyu ndiye anaboola jeketeyi, ataima uko kuli atsikanako. Ine ndikuti amunamizira. Mtsikana, woonda chonchi, n'kufikitsa nthungo pamtengo pano? Inu ndinu ophunzira. N'zotheka?"

Ahedi anamwetulira. "Kunena zoona, mayi, thupi la mtsikana silinapangidwire zimenezo. Mwina mphepo inathandiza."

"Ndi zomwe ndimanena. Ndiye mwana wanga wakolopa masabata awiri pa mlandu wa mphepo?"

Ahedi anasiya kudzipepesa. "Ayi, poti aphunzitsi anaona..."

"Ngati anaona, ndiye kuti angathe. Ngati sangathe, ndiye kuti mwalanga wosalakwa. Ine sindinapite patali ndi sukulu, ahedi, ndithandizeni. Ndisoke bowo la mphepo kapena la mwana?"

Aphunzitsi ena awiri omwe anali pafupi anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Ahedi anayang'ana ababa. Ababa anayang'ana wezulo.

"Kamodzi kokha," anatero ahedi. "Tithetse nkhani. Mpatseni."

Chimphona anapereka nthungo ndi dzanja limodzi, akuseka. "Usathyoke, ndodo ya mbendera."

"Atsikana, sunthani pang'ono!" anakuwa ababa.

Ine ndinali nditafika kale kutsidya, pamalo panga pakale. "Osati pang'ono! Bwererani mpaka kumpanda! Amayi, bwerani kuno muone!"

Kuchokera kumene ndinaima, Kawaya ankaoneka kakang'ono, siketi yonyowa m'mphepete, mapazi opanda nsapato. Anapukuta manja pamalaya. Anaiyeza nthungo pachikhatho monga anachitira ndi nsungwi. Anyamata ankaimba mluzu. Iye sanawayang'ane. Anayang'ana kwa ife, pamwamba pa mitu yathu, pamalo ena amene ankawaona yekha.

Anayamba kuthamanga.

Miluzu inatha pamene dzanja lake linatsalira kumbuyo. Phazi linaponda, fumbi linadzuka, ndipo ndinamva kamawu kakang'ono ngati nsalu ikung'ambika. Nthungo inakwera. Zaka zinayi ndinaona nthungo zikubwera, zina zikugwedeza mchira, zina zikugwa chagada ngati zaledzera. Iyi inabwera ili duu, nsonga yake ikuwala ngati kanyenyezi kamene kasochera masana. Inadutsa pomwe inagwera ya Chimphona ikadali pamwamba. Ndinamva mtsikana wina pambali panga akupuma mokoka. Amayi anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. Bwalo lonse, ana mazana, ahedi, mbuzi za kumpanda, zonse zinakweza mitu n'kutsatira chinthu chimodzi. Ndinalakalaka isatsike. Ndinalakalaka ipitirire, idutse mpanda, idutse msewu wa basi, ikagwe kumene ine sindinafikeko.

Inatsika, n'kuzika, n'kuima chilili.

Palibe anaomba m'manja. Atsikana awiri anatenga tepi n'kuyamba kuikoka, ababa atagwira mutu wake pamzere. Inatambasuka, inatambasuka, kenako inakana. Anaikokanso. Inali yatha. Nthungo inali ikadali patsogolo, yokhayokha pa udzu.

"Aphunzitsi!" anakuwa mmodzi, mawu ngati akulira. "Tepi yatha!"

Ahedi anali atadzuka pampando. Anatsokomola. "Chabwino. Lembani makumi atatu, poti m'pamene chida chathu chalekezera."

"Ayi," anatero amayi mokweza, ndipo sindinadziwe kuti ali ndi mawu ofika kutsidya kwa bwalo. "Ine sindidula diresi potengera pomwe yathera tepi. Ndimatengera pomwe wathera munthu."

Anandipatsira jekete. Anavula tepi yachikasu pakhosi, n'kugwada pa udzu pomwe inathera ya sukulu. Tepi ya telala ndi ya mita imodzi ndi theka. Anaigoneka, anaika chala pamapeto, anasuntha ndi maondo, n'kuigonekanso. Ankayeza dothi la bwalo mosamala ngati nsalu ya mkwatibwi, osaikoka, osailekerera. Atsikana asanu ndi awiri aja anawazungulira n'kumawerenga nawo.

"Kamodzi!"

"Kawiri!"

"Katatu!"

Panatsala kadanga. Amayi anapinda tepi, anaweramira pafupi, n'kudzutsa mutu.

"Lembani, aphunzitsi!" anakuwa monga amakuwira kwa ine akamayeza kasitomala. "Makumi atatu ndi anayi, ndi masentimita makumi asanu ndi limodzi!"

Pamenepo m'pamene bwalo linaphulika. Atsikana anakuwa, ana aang'ono anathamanga mozungulira osadziwa kolowera. Chimphona anali atagwira m'chiuno, pakamwa pali yasa, kenako anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono ngati munthu amene wangodzuka.

Ababa sanasunthe. Ndinawaona akutulutsa fomu m'chikwama, akutsegula tsamba lachiwiri, akuligoneka pabondo. Ahedi anawayandikira n'kunena kanthu akuloza kumsewu. Ndinamva pambuyo pake kuti ankanena za malo mu lole, ndipo ababa anayankha kuti, "Akhala pampando wanga. Ine ndipalasa njinga." Analemba. Dzanja lawo linachedwa pa pepalapo kuposa mmene manambala anayi amafunira.

Kawaya, mwa chizolowezi, anali atayamba kale kuyenda kuti akatole nthungo.

"Ima," anatero ababa.

Anaima.

Ababa anasiya chikwama pansi n'kuwoloka mzere. Pa zaka zisanu ndi zinayi palibe amene anawaonapo mbali ino ya bwalo. Anayenda motsatira tepi yawo, anadutsa pomwe inagwera ya Chimphona, anafika pomwe tepi inathera, anayang'ana pansi, n'kupitirira motsatira mabowo a maondo a amayi. Atsikana anapatuka. Anagwira nthungo n'kukoka. Sinazuke. Anaigwira ndi manja awiri, ndipo inatuluka ndi chibuma cha dothi.

Kenako anatembenuka n'kuyang'ana komwe anachokera. Mzere unali kachingwe koyera. Mpando wawo unali ngati kachidole. Kawaya anali ataima yekha pakati, manja kumbuyo, akudikira kuti akalipiridwe.

Ababa anayang'ana nthawi yaitali. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso mtundawo.

"Kuno n'kutali," anatero chapansipansi.

"Maulendo khumi ndi anayi pa tsiku," anatero amayi akukolekanso tepi pakhosi. Anasolola singano yomwe imakhala pakolala yawo, n'kutambasula dzanja kwa ine. "Bweretsa jeketeyo. Tsopano ndadziwa chimene chinang'amba."

"Isiyeni, mayi."

Ababa anaitenga m'manja mwanga n'kuivala, dzuwa lonse lija, bowo lili pamsana. Ananyamula nthungo ndi manja awiri monga timanyamulira ife, n'kuyamba kubwerera kwa mwana wawo. Atayenda mapazi angapo anacheuka.

"Nanga inu mwaimiranji? Mzere uli uko."

Atsikana asanu ndi awiri anayang'anana. Wamng'ono pa onse ndiye anayamba kuthamanga. Ine sindinenso wa pasukulupo, dzina langa silingalowe pa fomu iliyonse, koma ndinavula nsapato n'kuwatsatira.